Agogo Anakana Kundiuza Kuti Nditsale

Fungo la mtovu wosungunuka likandipeza, ndimaona agogo a Chisale atakhala pakhomo pathu ku Makokoba, lokeshoni ya ku Bulawayo, chitini cha palafini chili pakati pa miyendo, akuchikhoma kuti chisanduke ndowa, utsi wa makala ukuwaliza maso, nyundo ikulira ngo! ngo! kupikisana ndi sitima za kusiteshoni. Anali bambo a bambo anga. Nkhondo yaikulu ya dziko lonse ija inali isanayambe.

Munthu ameneyu sindinamumvetse. Mowa sankaulawa, koma tsiku limene apolisi a lokeshoni anataya mowa wa mnansi wathu MaNcube, poti mowa unkaloledwa ku bhiyaholo kokha, nyumba yogulitsira mowa ya boma, agogo anakalipa koopsa. "Mapira ndi ake, mbiya ndi yake, pakhosi ndi pa wogula. Walakwira yani?" Anyamata atatola miyala kuti akagende wogulitsa wa ku bhiyaholoko, agogo omwewo anawatsekera njira: "Iye uja wakumenyani? Hayi, tayani miyalayo." Ukatenga msomali wawo osapempha, tsiku lonse samakuyankhula. Ukapempha, ankakubwereka ndi nyundo yomwe.

Amayi atamwalira ndi chifuwa, bambo ali kutali ku mgodi, kunabwera malume kuchokera ku Dedza kudzatenga ine Esinati ndi mng'ono wanga Filesi. Kwathu ana ndi a kuchikazi, choncho agogo analibe mphamvu pa ife.

"Ndadzatenga mbumba yanga, a Chisale," anatero malume. "Atsikana sakulira m'tauni. Mawa tikwera sitima."

Agogo sanaleke kukhoma. "Mwawafunsa?"

"Kufunsa ana? Kodi Bulawayoyu wakusokonezani mutu?"

"Ndowa iyi ndi yanga, ndaikhoma ndine. Awa sindinawakhome, inunso simunawakhome. Mwini wake wa Esinati ndi Esinati."

Malume anaseka mpaka kutsokomola, komabe anatiitana. Filesi, atamva za mango ndi za kukwera sitima, anangoti, "Ndipita!" Ine ndinathamangira kwa agogo n'kuwagwira bondo.

"Agogo, nenani kuti nditsale."

"Ayi."

"Simukundifuna?"

"Ndikakulamula, ndasiyana pati ndi malume ako? Pakamwa uli napo."

"Nanga Filesi? Mletseni, ndi mwana!"

Agogo anamuyang'anitsitsa Filesi. "Wanena yekha."

Ndinati sindipita, koma ndinanena ndi mkwiyo, osadziwa ngati ndasankha kapena ndikungofuna kuwapweteka onse awiri. Malume anaopseza kuti akanena kwa bwana wa lokeshoni. Agogo anawatsegulira chitseko kuti apite akanene. Sanapite.

M'mawa agogo anasenza okha kamtolo ka Filesi mpaka kusiteshoni, n'kumupatsa kapu imene anamukhomera. Atabwerako nyundo sanaikhudze masiku angapo, ndipo MaNcube ndiye ankatipatsa chakudya. Filesi sindinamuonenso. Tinamva kuti anakwatiwa, kenako zii.

Lero ndakalamba kuno ku Njube, m'Bulawayo momwemuno, ndipo sindikhulupirira munthu. Wobwera ndi mawu akuti "ndikukuchitirani zabwino", kaya ndi wa boma, wa tchalitchi kapena mwana wanga wobereka ndekha, ndimamuyang'ana m'manja. Zimenezo ndinatengera kwa agogo. Koma chinandisokoneza chija sichinachoke: munthu wotikonda chotero analola bwanji kamwana kuti kadzisankhire njira ndi mango?

Mwezi watha mdzukulu wanga Thandiwe anagwada apa, chikwama chili pakhomo, akufuna kupita ku Joni.

"Gogo, ngihambe? Ndipite? Mukati nditsale, nditsala."

Mawu akuti tsala anali pa lilime penipeni. Ndinamva nyundo ija, ngo! ngo!

"Pakamwa uli napo," ndinatero.

Anapita. Ndinaima pageti mpaka minibasi imene anakwera itakhota, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndinamulemekeza kapena ndinamutaya.