Njinga ya agogo ndi kasitima kankhondo

Agogo anga aamuna sanayendetsepo njinga molunjika. Kuchokera kwathu mpaka pa Lirangwe ankangokhotakhota, uku kumanzere, uku kumanja, ngati nkhuku yachitopa, ine ndili pakaliyala manyazi atandigwira.

Gwero lake linali nkhondo. Pamene ankawatengera ku Burma ali asilikali, sitima yawo inkaperekezedwa ndi kasitima kankhondo kaliwiro, kamizinga kutsogolo ndi kumbuyo. Agogo ankati kasitimako kanayenda mokhotakhota nkhondo yonse kuti adani obisala pansi pa madzi alephere kukawomba, ndipo sikanamire.

"Koma agogo, mumsewu muno madziwo ali pati?" ndinkawafunsa mtima utapsa.

"Mdani salengeza, iwe."

Tsoka ilo, anali mkulu wa mpingo. Amayi ena atawaona akupepeluka pamsewu, anakanena kutchalitchi kuti madala ayamba kachasu. Akuluakulu anzawo anawaitanitsa, n'kuwanunkhiza m'kamwa, osapeza kanthu. Agogo anafotokoza za kasitima kaja, kenako anafunsa kuti, "Zaka zonsezi, alipo anandiwombapo?" Mlandu unathera pomwepo.

Atamwalira kuchipatala, tinanyamula bokosi lawo pa lole kupita kumudzi, cha ku Mdeka. Mvula inali itakumba msewu, maenje ali tho ndi madzi, ndiye dalaivala ankawazemba, uku kumanzere, uku kumanja. Nyimbo yamaliro ili m'kati, ine ndinaphulika nako kuseka, azakhali mpaka kunditsina pantchafu. Ndikanasiya bwanji? Madzi aja tsopano analipo, ndipo adani anawaphonyanso madala.