Manja a Mayi Sarinten

Mayi Sarinten anayamba kulemba nsalu za batiki, zija amazijambula maluwa ndi phula asanaziviike mu utoto, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ine ndinawapeza atakwatiwa kale. Ntchito yanga pakhomo pawo, kuno ku Lasem, inali yowiritsa nsalu mumphika waukulu kuti phula lisungunuke. Iwo ankakhala pakampando kakafupi, n'kumatunga phula lotentha ndi cholembera chamkuwa. Asanachigunditse pansalu ankayamba auzira kukamlomo kake, fuu. Kafuu kameneko ndakamva zaka makumi atatu ndi zisanu.

Utoto ankasakaniza okha, ndi manja. Manjawo anali ofiira ngati magazi a nkhuku mpaka m'zigongono, zikhadabo zili bii. Amalonda akale ochokera ku Solo akabwera, ankayamba ayang'ana manjawo. Kenako ankafunyulula nsalu, n'kumafufuza kadontho pamene phula linatayikira. Nsalu ya makina ilibe kadontho. Akakapeza ankagula osanenerera.

Amalonda amenewo anatha. Ena anamwalira, ena miyendo inakana. Nsalu zinayamba kudzaza kabati.

Ndiye kunabwera mwana wawo, Ningrum, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mafoni ku Semarang.

"Amayi, masiku ano msika uli m'foni," anatero. "Tikalipira, Fesibuku izionetsa nsalu zathu kwa anthu a ku Jakarta okonda batiki."

"Ndiye a Fesibukuwo abwera liti kudzaigwira nsaluyo?"

"Iii, Amayi inunso! Sagwira. Amangoona chithunzi."

"Wogula ndi maso okha? Ameneyo angakwatire ndi chidole chomwe."

Koma anavomera. Ningrum si waulesi, zimenezo ndinene. Mwezi wathunthu anakonzekera. Anatsegula tsamba la bizinesi, nsalu iliyonse anaipatsa dzina ndi mtengo, anagula nambala yatsopano yoyankhira ogula. Anasankha oti aziona malondawo: amayi azaka makumi atatu kupita m'tsogolo, a ku Jakarta ndi ku Surabaya. Khoma la khonde analipaka laimu. Pomaliza anaitana wojambula zithunzi wa ku Semarang, dzina lake Bagas.

Bagas anayala nsalu pakhonde, nawapempha mayi kuti agwire cholembera. Atayang'ana mu kamera anakanda kumutu.

"Mayi, pepani, koma manjawa... anthu aziti mwangochoka kopha mbuzi."

Ningrum anaseka, kenako analeka. Anathamangira kwa Lastri, mkazi wa nyumba yoyandikana nafe, wa zala zosalala. Lastri anakhala pakampando kaja atavala bulauzi yatsopano. Cholembera anachigwira ngati supuni, ndipo sanauzire. Bagas anajambula. Atatha anatsegula kompyuta yake, n'kuyamba kufufuta timadontho tonse pansalu za m'chithunzi, kamodzikamodzi.

Mayi Sarinten anabweretsa tiyi, naika pansi, napita kukakhala kuseri kwa chitsime. Manja anawafunditsa ndi nsalu yawo.

Ningrum ananditembenuzira kompyuta ija. "Malume Kasdi, zikuoneka bwanji?"

Ine ndinaona kagwiridwe ka Lastri. Ndinaona kuti timadontho tapita. Ndinkadziwa chimene a ku Solo aja ankafufuza. Koma ndinati ndine wowiritsa nsalu, za m'foni ndi za ana.

"Zikuoneka zaukhondo," ndinatero.

Malonda anayamba kuoneka Lolemba. Anthu anaona ambiri, ndalama ya Ningrum inagwiradi ntchito yake. Pofika Lachitatu anayamba kulemba m'munsi mwa chithunzi. Wina anati, "Iyi ndi ya makina. Dzanja la munthu lingalembe osadonthetsa?" Wina anati, "Taonani mmene wagwirira cholembera. Zala zimenezo sizinagwirepo utoto." Wachitatu analemba mwachidule: "Musatinamize."

Ningrum anafuna kuwabisira mayi ake. Koma Lastri anakawerenga zonsezo mokweza kwa wogulitsa ndiwo zamasamba, akudandaula kuti anthu akunyoza zala zake. Mayi Sarinten anali pomwepo, akusankha tsabola.

Atabwerako anandipeza ndikusonkhezera moto pamphika.

"A Kasdi, akuti nsalu yanga ndi ya makina."

"Sadziwa kanthu amenewo."

"Akudziwa. Ayang'ana manja, ngati a ku Solo aja." Kenako ananditembenukira. "Bagas ndi mlendo. Ningrum anakulira kusukulu. Koma inu munali pomwepo."

Ndinakankhira chikuni m'moto.

Tsiku lomwelo Ningrum anaimitsa malondawo. Anagwada pafupi ndi mayi ake akulira.

"Amayi, ndinalakwa. Tijambulenso. Manja anu enieni, timadontho tonse, ndi kuuzira komwe. Anthuwa akufuna zimenezo."

"Lero akufuna?"

"Eya, Amayi."

"Manja munawathamangitsa pakhonde aja ndi omwewa, mwanangu. Sanasinthe."

Mayiwo anazimitsa kambaula ka phula, cholembera anachikulunga m'kansalu n'kuchiika pamwamba pa kabati. Sanakalipe. Mayi Sarinten sanakhalepo munthu wokalipa.

Papita miyezi itatu. Ningrum sanabwerere ku Semarang. Tsamba lija lilipobe, ndipo nthawi zina amagulitsa nsalu imodzi ya m'kabati, atajambula yekha kadontho kake pafupi. Zikatha zimenezo sindidziwa adzagulitsa chiyani. Wayesa kugwira cholembera, koma phula limamuthawa, ndipo mayi ake amangodutsa osayang'ana.

Ine ndimapitabe m'mawa uliwonse. Ndimasesa pakhonde, ndimatsuka mphika umene sunade. Mawu amene ndikananena tsiku lija ndi ochepa, sakanatha ndi mpweya umodzi womwe. Ndimawanena tsopano ndikamasesa.

Dzulo Mayi Sarinten ananditulutsira tiyi. Polandira kapu ndinayang'ana manja awo. Kufiira kuja kwatha. Kwangotsala pang'ono m'mphepete mwa zikhadabo.