Pikapu ya Kalabu Kuseri kwa Waya

Ndinali nditagwira ntchito miyezi inayi yokha pa boda ya Mwanza pamene galimoto ya amalume inafika. Kumudzi aliyense ankaitchula choncho, koma inali ya kalabu ya alimi a manachesi a kwathu kwa Kanduku, ndipo amalume anali wapampando wake. Kalabuyo inaitanitsa pikapu yatsopano, yochokera ku fakitale, kudzera kwa ogulitsa magalimoto a ku Blantyre. Anauzidwa kuti idzafika mvula isanathe. Mvula inatha, chimanga chinauma, manachesi anayamba kupsa, galimoto osaoneka. Mavenda amene amabwera kudzagula zipatso pamtengo pomwepo anafika monga mwa nthawi zonse, koma chaka chimenecho kalabu inawabweza, ati tikagulitsa tokha ku Limbe.

Ine ndinkagwira mu kaofesi ka ejenti wothandiza kuolotsa katundu. Mwini wake anali mayi wina wa pa boma, amene tonse tinkangowaitana kuti madamu. Ndinkalandira mapepala kwa madalaivala, kuwasanja, kuwapititsa ku mawindo a kasitomu, n'kumadikira chidindo. Amalume ndi amene anakandipemphera ntchitoyo, atavala jekete lawo lopitira ku tchalitchi. Ndinakulira pakhomo pawo mayi anga atamwalira, ndipo sindikumbukira tsiku limene ndinawayankha kuti ayi.

Linali Lolemba m'mawa, chiperoni chitaphimba mapiri, pamene thiraki yaitali ya nsanjika ziwiri inalowa mumpanda wodikirira, itanyamula magalimoto atsopano asanu ndi awiri omangidwa ndi matcheni. Dalaivala atandipatsa fayilo, ndinaona pa tsamba loyamba ndandanda ya ogulitsa a ku Blantyre aja, yosonyeza mwini wa galimoto iliyonse. Pa mzere wachinayi panali dzina la kalabu yathu. Ndinatuluka panja fayilo ili m'manja. Pikapuyo inali pansanjika yapansi, pakati, yoyera koma itafiira ndi fumbi la ku Tete, mipando yake ikadali m'mapulasitiki.

Ndinaimbira amalume nthawi yomweyo, ndisanawerenge tsamba lachiwiri. Anandifunsa kawiri ngati ndaiona ndi maso anga. Kenako anayamba kuwerengera okha masiku. Ogulitsa anali atawauza kuti galimoto ikangolowa pamalo awo, pamafunika masiku atatu kuti aiyendere bwinobwino, ailembetse ndi kuiika nambala.

"Ndiye kuti Lachisanu tili nayo eti?" anatero.

Mumtima ndinali ndi mawu oti mwina, koma pakamwa panatuluka oti inde amalume, Lachisanu. Mawu awo anali ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanachimve kwa miyezi yambiri, ndipo sindinafune kuti ndikhale ine wochichepetsa. Anati basi, Lachitatu tiyamba kuthyola, kuti galimoto ikamafika ipeze katundu ali pamulu.

Masana a tsiku lomwelo mkulu wa pa windo la kasitomu anandibwezera fayilo. Anati galimoto imodzi, kofiira kakang'ono kamene kanali pamwamba kutsogolo kwenikweni, kanalibe pepala lochokera ku fakitale losonyeza dziko limene kanapangidwira. Ndinafunsa ngati zina zisanu ndi imodzizo zingadutse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti zonse zinalembedwa pa chikalata chimodzi, choncho ndi katundu mmodzi, ndipo zidutsa pamodzi kapena zikhala pamodzi. Madamu anaimba mafoni angapo. Zinapezeka kuti pepalalo linatsala mu ofesi ya ku doko, m'dziko la Joni, ndipo a kumeneko analonjeza kulipatsira dalaivala wina amene ankayembekezeka kunyamuka mawa lake. Kasitomu ankafuna pepala lenilenilo, osati chithunzi cha pa foni.

Ndinapita kwa dalaivala wa thiraki ija. Anali bambo wachikulire, wobadwira kutsidya kwa boda koma wokulira kuno nthawi ya nkhondo, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chinyungwe. Ndinawapeza akumeta ndevu poyang'ana pa galasi la thiraki. Ndinawafunsa mwaulemu ngati sizingatheke kutsitsa kofiirako kuti zinazo zipite. Anaseka mpaka sopo anawalowa m'kamwa. Anati kofiirako kanakwera koyamba, choncho kamatsika komaliza. Nsanjika yapamwamba siitsika ngati zapansi sizinachoke, ndipo palibe amene angamasule tcheni ngakhale imodzi popanda chilolezo cha kasitomu ndi cha eni katundu.

Nditawauza kuti pikapu yoyerayo ndi ya kwathu, anaika lumo pansi n'kundifotokozera ulendo wake. Anati galimoto imeneyo inatuluka mu fakitale kalekale, koma inayamba yaima pabwalo kudikira sitima ya pamadzi yokhala ndi malo. Sitimayo itafika pa doko inadikiranso mpata wotsitsa. Itatsika, galimoto inakaimikidwa pakati pa zinzake zosawerengeka, chifukwa mathiraki a nsanjika ngati yawoyo ndi ochepa, ndipo onse amalimbirana omwewo. Komanso bwana wawo satumiza thiraki yosadzaza, ndiye pikapu yathu inakhala masabata angapo ikudikira kuti papezeke zina zisanu ndi imodzi zopita ku Malawi. M'njira anali atadutsa kale maboda ena, paliponse kudikira.

"Mphwanga," anatero, "galimoto yatsopano imathera nthawi yambiri itaima kuposa ikuyenda. Ine ndimangoperekeza zinthu zoima."

Ndinafunsa ngati sangaisiye pompano ikaloledwa, popeza kwathu ndi kuseri kwa mapiri omwewa. Anati ingakhale itadutsa pakhomo pa amalume anga enieniwo, singatsike. Isanafike kwa ogulitsa ndi kulembetsedwa, si ya munthu aliyense.

Madzulo amenewo ndinayenera kuimba foni. Ndinaitulutsa m'thumba kangapo, n'kuibwezanso. Ndinadziuza kuti pepala likanyamuka mawa, mwina lifika Lachinayi, ndipo kuchedwa kwa masiku awiri manachesi akhoza kupirira. Ndinkaonanso ngati n'kupanda ulemu kuuza munthu wamkulu nkhani yoipa pa foni, koma ndikudziwa tsopano kuti ndinkangobisala kumbuyo kwa ulemuwo. Lachiwiri amalume anaimba okha. Anafunsa kuti zikuyenda bwanji, ine ndinati zikuyenda. Anandiuza kuti abwereka madengu kwa anthu a tsidya la mtsinje, ndipo azakhali akundisungira manachesi a mumtengo wa kuseri kwa khola, amene ndimawakonda.

Lachitatu sindinadye bwino. Ndinkadziwa kuti kumudzi anthu ali m'mitengo. Ndinafunsa madamu za fayilo ija katatu dzuwa lisanafike pamutu, mpaka anasiya kulemba n'kundifunsa kuti kodi galimoto yofiirayo ndi ya chibwenzi changa. Anzanga a mu ofesi anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi, ndipo nkhaniyo inathera m'nthabwala.

Lachinayi m'mawa madamu anaimbanso ku doko ine ndili pomwepo. Ndinawamva akubwereza mawu a munthu wa mbali inayo, kuti dalaivala wonyamula pepala uja sananyamuke, thiraki yake sinadzaze, ikudikira magalimoto ena awiri. Mwina sabata yamawa. Ndinakhala pa benchi ya makasitomala. Apa m'pamene ndinawafotokozera madamu zonse, kuyambira foni ya Lolemba. Sanandikalipire monga ndinkayembekezera. Anatseka fayilo n'kunena kuti pa boda sitilonjeza munthu tsiku, ngakhale akhale bambo ako okubala, timangonena pamene pepala lili. Kenako anandifunsa ngati anthuwo akuthyolabe. Nditavomera, anati nanga ukudikira chiyani pano.

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Ndikanatha kuimba, koma tsopano ndinkaopa kuti pa foni ndidzanenanso theka lokha. Tisanafike m'mudzi ndinayamba kumva fungo la makoko a manachesi. Pansi pa mitengo ya m'mbali mwa njira panali milu yofunditsidwa masamba a nthochi, ina yofika m'chiuno. Amayi ankatsitsa madengu pamutu, achinyamata ali m'nthambi. Atandiona ena anayamba kundiitana kuti bwana wa pa boda, n'kumandifunsa ngati ndabwera ndi makiyi.

Amalume anali m'munda mwawo akusankha zipatso, zazikulu mbali ino, zazing'ono mbali iyo. Ndinanjuta pafupi nawo n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana kamodzi n'kusiya kusankha. Ndinawauza za kofiira kaja, za pepala, za thiraki yosadzaza. Ndinanena kuti galimoto siichoka pa boda sabata ino, ndipo sindikudziwa tsiku limene idzachoke.

"Unadziwa liti?"

"Lolemba masana, amalume."

"Lachiwiri ndinakuimbira."

"Munandiimbira."

Anatembenuza nachesi limene linali m'manja mwawo. Kenako anaimirira n'kutuma munthu kuti akauze onse atsike m'mitengo. Anthu atasonkhana anawafotokozera mwachidule, osanditchula. Anati galimoto yachedwa, ndipo iwo monga wapampando ndi amene anafulumira kulamula kuti tithyole. Mayi wina wamasiye, amene anali atathyola munda wake wonse, anati iye ananena kale kuti tisawabweze mavenda onse, koma anauzidwa kuti amayi sadziwa za magalimoto. Bambo wina anafunsa ngati galimotoyo iliko n'komwe, kapena wapampando akudziwa kumene inalowera. Ndinayang'ana amalume. Anthu omwewa anali atawakhulupirira zaka zonsezi.

Ndinali ndisanayankhulepo pagulu chiyambire, ngakhale ku sukulu ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga. Koma ndinaimirira. Ndinati galimoto iliko, ndaiona, ndipo aliyense wofuna akhoza kukaiona. Ndinati amene ananena za Lachisanu ndine, ndisanawerenge mapepala onse, ndipo nditadziwa zoona ndinakhala chete masiku atatu. Mawu anga anali otsika kwambiri moti mayi wamasiye uja anati ndibwereze, sanamve. Ndinabwereza. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato zanga za ku ofesi mpaka kumutu, n'kufunsa ngati ndimatha kupalasa njinga itanyamula madengu awiri, kapena manja anafewa ndi mapepala.

Lachisanu lija, m'malo mwa pikapu, njinga zonse za m'mudzi zinatsika mapiri. Madamu anandilola kuti ndisabwere ku ntchito. Ndinapalasa maulendo awiri, pokwera ndikukankha, ndipo dengu limodzi linandigwera pa mwala zipatso n'kubalalika mpaka kumunsi. Zina tinaziika pa msika wa pa boma, zina m'mbali mwa msewu wa ku boda, pamene mathiraki anali atandandalika. Mavenda atamva za tsoka lathu anabwera, n'kumatchula mitengo yonyoza, akudziwa kuti sitingakane.

Masana amalume anandiuza kuti ndiwaperekeze akaione pikapuyo. Mlonda sanawalole kulowa mumpanda, choncho anaima kunja atagwira waya ndi manja onse awiri. Pikapu inali pomwe ija, mtunda woti munthu akhoza kuponya mwala n'kuigenda. Dalaivala uja anabwera kudzawapatsa moni, n'kuwauza kuti asadandaule, mwana wawo akugona bwino ndipo sanadwalepo m'njira. Anatenga nsanza n'kupukuta fumbi pa chitseko chimodzi kuti amalume aone kuyera kwake. Kenako anaitana madalaivala anzake kuti adzagule manachesi, ati ndi a mwini galimoto amene akuyenda pa njinga. Amalume anamwetulira pang'ono, koma manja sanachotse pa waya.

Sitinagulitse zonse. Pofika pakati pa sabata yotsatira milu yotsala inali itafewa, ntchentche zili ng'waa, ndipo tinakaitaya ku chigwembe. Ya mayi wamasiye uja inali yambiri mwa imeneyo. Ndinathandiza kunyamula, iye ali patsogolo, osandiyankhula. Mabanja amene anali asanathyole anagwirizana zomusiyira mitengo ingapo, ndipo amalume anapereka mzere wonse wa kuseri kwa khola.

Pepala linafika patapita masiku ena ambiri, litapindidwa m'thumba la malaya a dalaivala wina. Ndinalipititsa ndekha pa windo, chidindo chinamenyedwa nthawi yosakwana yomwera tiyi. Ndinaima pa chipata thiraki ikutuluka, ndipo ndinaiyang'ana mpaka inakhota kulowera ku Blantyre, kudutsa mphambano ya njira ya kwathu osaima. Kenako ndinaimba.

Ndinawauza amalume kuti yatuluka pa boda tsopano lino. Anafunsa kuti ndiye ifika liti kuno.

"Sindikudziwa, amalume. Ndikudziwa zoti yatuluka basi."

Anati chabwino, zotsala m'mitengo zikhale m'mitengo mpaka adzamve hutala ya pikapuyo pakhomo.