Mbale ya Mango

Pamolo, chinyumba cha masitolo chomwe ndimalondera ku Mirdif, kunja kuno, apachika chithunzi cha filimu yoopsa ya ku Japan. Mnzanga akuti inayamba ngati buku, pano mayiko ambiri akuipanganso, mpaka magemu ndi malaya. Ine ndimangoyang'ana nkhope yotuwa ya mayi watsitsi lalitali ali pachithunzipo.

Ndili mwana, ndinathawa kwaya n'kukalowa m'vidiyo ya pamsika, nditatenga mlongo wanga wamng'ono. M'kachisakasamo munkanunkha thukuta ndi utsi wa jenereta. Filimu inali yamtundu womwewu. Mlongo wangayo anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, ndipo potuluka ndinamulumbiritsa kuti asaulule.

Kuyambira pamenepo ankadzidzimuka kutulo, akulira kuti mayi watsitsi lalitali akumuitana. Akuluakulu anati mwanayo akuphunzitsidwa ufiti, ndipo anakayikira mayi amasiye oyandikana nafe, amene sanamete tsitsi chimwalirireni amuna awo.

Loweruka amasiyewo anabwera ndi mbale ya mango.

"Ndamva kuti mwana sakugona. Nawa mango, alaweko."

"Bwererani nawo," anatero amayi anga. "Ana anga muwasiye."

Amasiyewo anandiyang'ana, poti ndine ndinkawathyolera mangowo masiku onse. Ndinatsegula pakamwa, mlongo wanga n'kundigwira mkono pamalo pomwe paja.

"Iwe, tseka chitseko," anatero amayi.

Ndinatseka.