Dzanja la a Jonasi

Paketi ya shuga ndi sopo mmodzi wochapira: awa ndiwo malipiro amene a Jonasi adalandira tsiku limene ofufuza za ukalamba adafika pa esiteti ya fodya ku Kapondo.

A Jonasi adachoka ku Phalombe ali mnyamata, pa lole yotenga matenanti. Lamulo la pa esiteti adalidziwa msanga: nyumba ndi ya munthu amene akulima. Chaka chilichonse, ntchito ya ku nazale isanayambe, kapitawo amayendera makomo kuona amene akadali ndi mphamvu ndiponso manja omuthandiza. Wofooka amauzidwa kuti asamuke. Akazi awo a Jonasi adamwalira. Ana awo awiri adawoloka malire kupita ku Chipata, ndipo sadamvekenso. Choncho bamboyu adakalamba mobisa, ngati kuti ukalamba ndi katundu wakuba. Imvi ankazimeta ndi lezala. Msana ukawawa, ankayamba nyimbo.

Ofufuzawo adatumidwa ndi yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja, imene inkayerekeza moyo wa okalamba m'maiko ambiri. Adafika m'nyengo yomweyo yosankha anthu. Amene adawalondolera pakhomo pa a Jonasi anali kapitawo Rabson, ndipo sadachoke. Adatsamira mtengo, atapinda manja.

Mtsikana wofunsa mafunso, dzina lake Triza, adakhala pamphasa mwaulemu.

"Agogo, kodi pali pamene pamakuwawani m'thupi?"

A Jonasi adayang'ana kapitawo. "Agogo ake ati, mayi? Ine belo la fodya ndimanyamula ndekha."

"Mwina belo la nthenga!" adaseka Rabson. "Madala, musanamize alendo."

"Nanga amakusamalani ndani?" Triza adapitiriza.

"Ana anga. Angopita kumsikaku, abwera."

Kenaka Triza adatulutsa kachipangizo koyezera mphamvu ya dzanja, nawapempha kuti afinye. Kwa iye inali nambala yoti alembe. Kwa a Jonasi unali mlandu wa denga lawo. Adafinya mpaka mitsempha ya m'khosi idaima, mpaka china chake chidathetheka m'mkono. Sadabuule.

"Eee, agogo! Mwaposa anyamata!" Triza adawomba m'manja.

M'mawa mwake dzanja linali litatupa. Kwa masabata angapo khasu linkawapulumuka, ndipo Rabson adaona. Mvula isanagwe, nyumba ija idapatsidwa kwa banja lina la ana asanu, lochokera ku Dedza.

Ine wolemba nkhaniyi, lipoti la kafukufukuyo ndidaliwerenga lonse. Likunena kuti okalamba a kumidzi kuno amakhalabe amphamvu ndipo amasamalidwa ndi ana awo, mosiyana ndi anzawo a ku Japani kapena ku Ulaya. Lalembedwa mwaluso, ndipo olemba ake adalandira ulemu m'misonkhano. Koma m'masamba onsewo mulibe funso limodzi lokha: pamene nkhalamba inkayankha, ndani adaima pambali pake? Munthu amene nyumba yake imadalira kuoneka wamphamvu sangaulule matenda pamaso pa womuthamangitsa. Izi amazidziwa mwana aliyense wa pa esiteti. Sadafunsidwe.

Patapita zaka ziwiri ofufuza adabweranso kudzaona anthu awo aja. Atapeza nkhope zachilendo pakhomo, adalemba kuti a Jonasi adasamuka, galimoto n'kutembenuka. Akadazungulira kuseri kwa bulugama akadawapeza. Amagona m'chigafa chakale chimene kale ankayanikamo fodya, chopanda zipupa, chodontha. Amayi a kutchalitchi amawapatsa ufa akakhala nawo. Dzanja lija silidapolebe. Supuni amagwira ndi lamanzere.

Tsiku limene ankawakweza lole ku Phalombe, eni esiteti adawalonjeza monga amalonjezera aliyense: lole yobweretsa idzakubwezaninso kwanu ntchito ikadzatha. Ntchito idatha. Chaka chilichonse lole imafika ndi anyamata atsopano, n'kubwerera yopanda kanthu. A Jonasi akamva kulira kwake amatuluka ndi kathumba kawo, n'kuima m'mphepete mwa msewu. Mpaka lero siidaimepo.