Gerevazio Anavula Malaya Pabwalo

Gerevazio wa ku Bembeke anali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene anamuponyera m'galimoto ya apolisi ngati thumba la mbatatesi. Sanabe kanthu. Apolisiwo ankafuna bambo ake, amene anadzudzula chipani pamaliro n'kuthawira ku Mozambique. Atawasowa, anatenga mwana.

Anakamutsekera kumalo osungirako ana olakwa. Woyang'anira wake, Bonifasio, ankawagoneka anyamata chafufumimba m'chisanu cha mu Juni, kuwathira madzi, kenako n'kuwakwapula ndi lamba wa chigayo. Tsiku lina anamuwomba mbama Gerevazio mpaka khutu lamanzere linatuluka magazi. Silinamvenso.

Gerevazio anatulukako ali ndi ndevu, sukulu itamupita, mayi ake ali m'manda. Palibe anamupepesa.

Matipate atabwera, wailesi inalengeza kuti onse amene anazunzidwa popanda mlandu akadandaule kuti alandire chipukutamisozi. Gerevazio, amene tsopano anali pabanja ndipo ankalima mbatatesi, anapalasa njinga mpaka kuboma.

Kalaliki amene anamupeza sanadzutse n'komwe mutu. "Ankamangidwa ndi andale, bambo, osati ana. Mwina inu munaba nkhuku. Umboni muli nawo?"

Gerevazio anakwera njinga n'kubwerera kwawo. Mkazi wake, Monika, atamva, anati, "Bambo a Sungeni, zisiyeni. Anthu amenewa akadalipo."

"Anandilanda sukulu, anandilanda mayi anga," anayankha Gerevazio. "Lero akuti sizinachitike. Chimenecho ndiye sindilola."

Nkhani siyenda pansi. Pasanapite nthawi Bonifasio anatulukira pakhomo, atavala malaya a chipani chatsopano, thumba la feteleza lili panjinga.

"Achimwene, zakale zinapita," anatero akumwetulira. "Tonse tinkangotumidwa."

Gerevazio anamutembenuzira khutu lamanja. "Lankhulirani mbali ino. Linalo munatseka ndinu."

Kumwetulira kuja kunazima, koma Gerevazio anapitiriza.

"Amene anakutumani anakuuzaninso kuti muziseka tikamalira? Tengani thumba lanu muzipita."

Kuchokera tsiku limenelo anayamba kufunafuna anzake amene anatsekeredwa nawo. Woyamba anali Yeremiya wa kwa Kaphuka, amene kachasu anali atamumaliza. Atangomva chimene mnzake wabwerera, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Gerevazio anapitanso. Anapitabe. Tsiku lina anangotenga khasu n'kuyamba kumuthandiza kupalira mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Ndi Yeremiya amene anayamba kulankhula. "Iwe, zina zimene anatichita kumalo kuja ngakhale mkazi wanga sazidziwa."

"Ndikudziwa. Koma manyazi tikusenzeranji ife? Mwini wake akudya nyama kumisonkhano ya chipani."

Yeremiya anakhala pamzere n'kulira ngati wafedwa. Atapukuta misozi, anatchula mayina a anzawo ena a m'midzi ya kufupi ndi Chongoni. Ena anakana, ndipo Gerevazio sanawakakamize. Ena anavomera.

Anawabweza kuboma kambirimbiri. Lero bwana wachoka, mawa bwerani mwezi wamawa. Njinga inatha matayala, mbatatesi zina zinawolera m'munda, ndipo anthu ankamunyoza Gerevazio kuti wapenga ndi ndalama za boma. Iye m'mawa ukacha ankanyamukabe.

Pamapeto pake mlandu unalowa m'bwalo. Woweruza, mayi wachikulire wa magalasi, anafunsa ngati pali chosonyeza kuti anthuwa anazunzidwadi.

Gerevazio anaimirira, anamasula mabatani, n'kuvula malaya. Kenako anatembenuka. Yeremiya anavulanso, anzawo onse n'kutsatira. Misana ya abambo ochokera m'midzi yosiyana inali ndi zipsera zofanana, zotambalala ngati lamba mmodzi.

Woweruza anavula magalasi.

"Valani, abambo," anatero motsitsa mawu. "Bwalo lino laona. Munali ana, ndipo munalakwiridwa."

Ndalama zinachedwa, ndipo zitabwera zinali zosakwana kugula unyamata wa munthu. Gerevazio anagulira mbewu yabwino ndi ngolo, ndipo patapita nyengo zochepa ndiye ankadzaza malole a mbatatesi opita ku Lilongwe. Yeremiya anasiya kachasu n'kukhala mnzake pa bizinesiyo. Bonifasio sanamangidwe, ndipo chimenecho chimamuwawabe Gerevazio. Koma pamsika anthu anasiya kumupatsa Bonifasio moni waulemu, ndipo kumisonkhano sanamupatsenso mpando wakutsogolo.

Inu amene munapwetekedwa muli ana, ndipo lero akukuuzani kuti muiwale, mkwiyo wanuwo si tchimo. Musaumeze, komanso musaulole kukudyani. Funani anzanu amene anaona zimene munaona, gogodani pakhomo limene anakutsekerani, ndipo akakubwezani mukagogodenso. Manyazi ndi a wozunza, si anu. Mtima wanu musautaye, chifukwa anakulandani zambiri kale.