Chala Chimene Chinayambira Kumanja

Anandipeza Lachisanu masana, nditangochokera ku mzikiti, ndikuvula nsapato pakhonde la nyumba yanga kwa Mpama. Galimoto anaisiya kumsewu. Anali amuna awiri ovala malaya wamba, ndipo anaodira mwaulemu ngati odzafunsira mbeta.

"Ndinu amene mumapita ku Tanzania kokapikula zitenje?"

Ndinavomera. Panalibe chobisa, pakuti akazi ambiri a dera lathu ankavala nsalu zanga. Koma zitenje sanazikhudze n'komwe. Analunjika kunsi kwa bedi n'kutulutsa katoni ya mabuku, ndipo ndinadziwa kuti wina wozolowera nyumba yathu ndiye anawalondolera. Mpaka lero sindimudziwa.

Mabukuwo anali a mwana wanga wachisamba, mtsikana amene nthawi imeneyo anali Fomu 3 ku Nguludi. Mwanayo ankawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira sopo. Ndikamanyamuka ulendo ankandiuza mawu omwe aja: "Ababa, mukapeza la Chingerezi mubweretse, ngakhale long'ambika."

Ku Dar es Salaam mabuku analipo, koma ambiri a Chiswahili, ndipo ine zilembo za kusukulu sindinaphunzire. Sukulu yanga inali madarasa a ku mzikiti basi. Ndinkalowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa ina, kufunsa ndi Chiswahili changa chothyokathyoka, mpaka ndinapeza Mmwenye wina kuseri kwa msika amene ankasunga mabuku akale a Chingerezi m'thumba la mpunga. Ndinkasankha ngati posankha nkhuku: lonenepa ndilo labwino. Zoti mabuku ena boma lathu silinkawafuna ndinkazimva, koma ndinkayesa kuti buku loopsa limaoneka ndi maso.

Patchuthi mwanayo ankatiwerengera mokweza tikatha kudya. Panali buku lina lachikuto chofiira limene ankalikonda kwambiri, ndipo nthawi zonse ankayambiranso tsamba loyamba. Tsono khutu la munthu wa ku madarasa silipuma. Ife tinakula tikuloweza Chiarabu tisanadziwe tanthauzo lake, ndipo tsamba limenelo linandilowa pamtima ndisakufuna. Ndinkamuseka nalo, kulilakatula ndikupopa njinga, iye n'kumagwa ndi phwete.

Tsiku limene amuna aja anabwera, iye anali kusukulu. Akundikweza m'galimoto ndinauza mayi ake m'Chiyao kuti mwanayo asabwere kunyumba, zivute zitani.

Ananditengera m'tauni, kunyumba ina yopanda chikwangwani. Patapita masiku angapo m'chitokosi, anandilowetsa m'chipinda momwe munali tebulo, bwana wamagalasi, ndi wapolisi wina wonyamula ndodo amene anaima kumbuyo kwanga. Patebulo panali buku lofiira lija.

"Bukuli ndi loletsedwa," anatero bwanayo.

"Sindimadziwa, bwana."

"Onse amatero. Ife kudziwa kwanu tilibe nako ntchito. Tikufuna amene amaliwerenga."

"Ndine, bwana."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sakufulumira. "Wogulitsa zitenje? Tamva kuti muli ndi mwana ku sekondale."

Tonse tinkadziwa zimene zinkachitikira ana a sukulu ogwidwa ndi mabuku oterewa: sukulu inkathera pomwepo, ndipo ena ankapita kumene ine ndinali. Ndinali nditagona kale pasimenti imeneyo, ndipo sindinafune kuganiza mwana wanga wamkazi ataigonera. Mwamwayi iye sankalemba dzina lake m'mabuku. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Alipo, bwana, koma mabuku anga sindimulola kukhudza."

"Chabwino." Analikankhira kwa ine. "Tiwerengereni."

Ndinalitsegula mbali imene mwanayo ankatsegulira, n'kupyola masamba mpaka ndinaona kabanga ka tiyi pakona. Kabangako ndinkakadziwa, pakuti wotaya tiyiyo ndinali ine. Ndinapuma, ndinayamba. Mawu anatuluka monga mmene ankatulukira m'kamwa mwa mwana wanga, ndi popumira pomwe. Bwanayo anatsamira mpando, kuyang'ana kudenga, n'kumayatsa ndudu.

Shehe wathu ankatimenya tikawerenga chala chisali pamzere. Zaka zonsezo chala changa sichinaiwale. Chinakwera chokha papepala, n'kuyambira kumanja kumka kumanzere, njira ya Chiarabu. Ndinazindikira ndili pamzere wachiwiri. Ndikanachitembenuza, bwanayo akanaona. Ndikanasiya kulankhula, akanaonanso. Ndinapitiriza, thukuta likutsika m'khosi, uku ndikuona mutu wake ukuyamba kuwerama kuchoka kudenga.

Ndodo ija inatera padzanja langa.

"Chotsa dzanja lakudalo pa umboni wa boma!" anakalipa wapolisi uja.

Chala chinathyoka pamfundo yapakati. Tsamba lotsalalo ndinalimaliza dzanja lili m'khwapa, maso ali papepala. Nditafika pothera, pamene nzeru zanga zonse za Chingerezi zinathera, bwanayo anakupiza dzanja.

"Basi. Chingerezi chake n'cha m'mphuno, koma ndi iyeyu."

Wapolisi yemweyo ndiye anandibweza m'chitokosi. Atavula chipewa kuti apukute thukuta, ndinaona kachipsera kakuda pamphumi pake, ka Msilamu wozolowera kugunditsa mutu pamkeka popemphera swala. Potseka chitseko anati, osandiyang'ana, "Chalacho muchimange ndi kamtengo, mdala. Ndipo musadzalozenso pepala." Sindinamuonenso.

Kukhoti sindinapite. Ananditumiza kundende ina yakutali, kumene ndinasala Ramadhani kawiri. Za kumeneko sindinena zambiri. Tinkagona chammbali, mmodzi akafuna kutembenuka tonse tinkatembenuka. Chakudya chinalipo, cha mtundu wake. Anthu ena amene ndinagona nawo mzere umodzi sanatuluke ndi miyendo yawo.

Koma chimene chinkandidya ine sichinali njala kapena nsabwe. Chinali tsamba lachiwiri. Makiyi akangolira pachitseko, mtima unkati myu, poganiza kuti bwana uja wakumbukira zoti sanandiuze kuti nditembenuze pepala. Ndinkaona m'maganizo galimoto ikuima pachipata cha sukulu, mphunzitsi akuitana dzina la mwana wanga m'kalasi. Munali aphunzitsi awiri m'chipinda chathu amene akanatha kundiphunzitsa zilembo, koma sindinayerekeze kuwapempha, chifukwa m'ndende makoma amakhala ndi makutu, ndipo ine ndinali womangidwa chifukwa chodziwa kuwerenga. Choncho ndinakhala zaka zimenezo ndikunamizira kukhala wophunzira. Wina akandifunsa mawu a Chingerezi ndinkangoti mutu ukuwawa, mpaka anzanga ananditcha wonyada.

M'mawa wina, mvula yoyamba itangogwa, anandiitana ndi bulangete langa. Ndinati tsiku lija lafika. Koma mkulu wa ndende anangoti, "Boma lakukhululukirani. Za kuno muzisiye kuno."

Ndinafika kwa Mpama n'kupeza mwana wanga atalemba mayeso, atakhoza, akudikira kupita ku koleji ya uphunzitsi. Palibe anamufunsa kanthu. Anagwada, anandigwira dzanja, anaona chala chopindikacho, n'kutuluka panja. Kuyambira tsiku limenelo sanawerengenso mokweza m'nyumba mwathu. Ankadziona ngati ndiye anandimangitsa, ndipo ine, poopa kumuwonjezera katundu, sindinamuuze zimene zinachitika m'chipinda chija. Zinthu zinasintha m'dziko, anthu anayamba kulankhula zakukhosi m'minibasi, koma ife awiri nkhani ya bukulo tinkailambalala ngati dzenje la m'njira.

Chaka chatha iye, tsopano ndi mayi wa imvi zake, anandiperekeza ku Makka. Posintha ndege m'dziko lina tinadikira nthawi yaitali, ndipo anandilowetsa m'sitolo ya mabuku ya pabwalo la ndegelo. Ambiri anali a zilembo zachilendo, zimene ngakhale iye sakanaziwerenga, koma pakona panali shelefu ya Chingerezi. Ndinaima pamenepo n'kupezeka ndikucheukira kukhomo, kuona ngati wina akutiyang'ana. Ufulu unabwera kalekale, koma khosi langa silinauzidwe.

Anatenga buku lina lachikuto chobiriwira. Kenako analitsegula, nawerenga mzere woyamba motsitsa mawu. Pakamwa panga panayankha pokha ndi mzere wachiwiri, kenako wachitatu. Linali buku lomwe lija, litangosintha chikuto.

"Ababa, mukukumbukabe?"

"Ndilo linandipulumutsira iwe," ndinatero, ndipo ndinamufotokozera zonse, pomwepo, anthu akutidutsa ndi zikwama zawo. Analira, inenso ndinalira, osachita manyazi.

Atapukuta misozi ndinamufunsa chimene ndinakhala nacho mumtima zaka zonsezi. "Kodi tsambali likuti chiyani?"

"Likunena za munthu amene wadzuka m'mawa, wapeza kunja kukuzizira, ndiye akufunafuna jekete lake."

"Basi?"

"Basi, Ababa. Zoopsazo zili kutsogolo."

Anagula bukulo, wogulitsa analiika m'jumbo osatifunsa dzina. Titakhala pabenchi, mwana wanga anagwira chala changa chopindikacho, anachiika kumanzere kwa mzere, n'kutembenuza tsamba.